Kalata ya Bambo Inapeza D

La Noria, Zacatecas
2 Seputembala 1996

Wokondedwa mlongo wanga Otilia, kapena ndinene kuti a Pulofesa,

Landira moni wochokera kwa ife anthu wamba. Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Fresno kwanuko ndipo mikono yonse iwiri ikugwira ntchito, chifukwa kuno tinayamba kuda nkhawa. Kalata yako yomaliza inafika chimanga chisanamere, pano tikuotcha. Kuno tonse tilipo. Mlamu wako Leocadia akupereka moni, ana akupereka moni, ngakhale wamng'onoyo amaganiza kuti azakhali ake ndi chithunzi chija chili pamwamba pa wailesi.

Tsopano khala pansi. Bambo aphunzira kulemba. Usaseke. Kuyambira chakumayambiriro kwa chaka akhala akupita kusukulu ya akuluakulu imene mayi Casilda, mphunzitsi wachitsikana wochokera ku Jerez, amachititsa masana kuseri kwa tchalitchi. Munthu wa zaka 71 amakhala pa benchi la ana, mawondo ali m'chibwano, chipewa chili pansi. Anatiletsa tonse kukuuza. Akuti, "Mwana wanga amaphunzitsa ana a ku koleji kulemba. Ine ndizimulankhula ndi dzanja la Nicanor mpaka liti? Dzanja loti limasiya zanga n'kuwonjezera zake." Ndiwo malipiro anga amenewo, zaka zonsezi ndikuwalembera makalata.

Ndiye akulembera kalata, yoyamba m'moyo wawo, ndi dzanja lawolawo. Yawadyera mwezi wonse wa Ogasiti. Mapepala amene ang'amba, Leocadia ayatsira moto mpaka Khirisimasi. Sanalole ngakhale mayi Casilda kukonza chilembo chimodzi. Ine sindinaiwerenge. Anaipinda okha n'kuiika m'katoni ya tchizi ndi tsabola wouma imene msuweni wathu Hermelinda anyamule pa basi sabata yamawa. Nditawauza kuti alembepo dzina lako ndi lawo, anandiyang'ana ngati ndine chitsiru. Akuti mwana ndi bambo ake sauzana mayina.

Ine ndikulemba ino mobisa kuti ukonzeke. Ukaiona uyankhe msanga, uyankhe kwa iwo osati kwa ine, ndipo ulembe zilembo zikuluzikulu, osati timadontho tako tija ta anthu ophunzira. Katoni sinanyamuke n'komwe koma ayamba kale kudikira yankho. M'mawa uliwonse amaima pampanda wa kumsewu akuti akuyang'ana ng'ombe. Ng'ombe zili kuseri kwa nyumba.

Kalata ino ndapatsa mnzanga Anastasio wa lole kuti akaponye ku Jerez mawa, ndiye ikupeza Hermelinda asanafike.

Ndine mlongo wako wosaphunzira uja,
Nicanor


Fresno, California
21 Seputembala 1996

Achimwene,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ngakhale ndikungoganizira, poti m'katoni imene Hermelinda wabweretsa munali tchizi, munali tsabola, koma kalata yanu munalibe. Kodi inki yakwera mtengo ku Jerez? Mumadziwa kudandaula kuti sindilemba, koma inu mukutumiza tchizi kuti izindilankhulira. Ndiuzeni za Bambo. Bondo lija likuwavutabe? Akumwa mankhwala kapena akuwapatsa nkhuku ngati chaka chatha?

Hermelinda sanasinthe. Anandipeza ndili pakati pochonga mapepala a ophunzira, n'kukhuthulira katoni yonse pamwamba pa mapepalawo, kenako n'kukhala pansi kuyamba kunditchulira anthu amene anamwalira. Pano kalasi yanga yonse ikununkha tchizi ya ku La Noria.

Mumakonda kundifunsa kuti ndimaphunzitsa chiyani kwenikweni, poti ana a anthu akwathu amachidziwa kale Chisipanishi. Amadziwa cha kukhitchini, achimwene. Anabadwira kuno. Amakangana ndi amayi awo m'Chisipanishi, amapemphera m'Chisipanishi, amatukwana m'Chisipanishi chokoma kwambiri, koma cholembera anachigwirira m'Chingerezi basi. Ukawauza kuti alembe nkhani ya ku koleji, amalemba ngati akuitana munthu amene ali tsidya lina la msewu. Tsiku loyamba ndimawauza kuti asachite manyazi ndi kalankhulidwe ka makolo awo, ndipo ndimanena zimenezi kuchokera pansi pa mtima. Tsiku lachiwiri ndimatulutsa cholembera chofiira. Lamulo langa ndi limodzi: nena mfundo yako, pereka umboni, tseka bwino.

Ntchito yoyamba chaka chino ndinati aliyense alembe kalata ngati kuti iye ndi bambo ake kapena mayi ake, akulembera mwana amene ali ku koleji. Sindilola mayina pamapepala, kuopa kukondera. Aliyense amadzazindikira lake tsiku lobweza. Ndawerenga za mvula ndi nyemba mpaka mutu kuwawa, chifukwa zikuoneka kuti makolo onse a m'kalasi mwanga alibe nkhani ina. Koma pali pepala limodzi laposa onse, ndipo mwini wake manyazi amugwira, palibe amene walitenga. Ndaliika mu envelopu muno kuti inunso musekeko. Zilembo zake zili ngati nkhuku yadutsa pamatope. Tamvani:

"Mwana wanga ndili bwino. Mvula yagwa yambiri. Ng'ombe yakuda yabereka. Ndakusowa. Galu anafa. Nyemba zili bwino. Ndakusowa. Ndine bambo ako."

Yathera pomwepo! Mwana wa ku koleji! Pambali ndinalemba kuti, "Mfundo yaikulu ndi iti, ng'ombe kapena galu?" Pa "ndakusowa" woyamba ndinalemba kuti, "Umboni uli kuti?" Pa wachiwiri, "Mwanena kale. Kubwereza si umboni." Pansi ndinapereka D, yomwe kuno timapatsa munthu amene sanagwe koma mwendo umodzi uli kale m'dzenje. Ndipo ndinatseka ndi mawu akuti, "Bambo weniweni salembera mwana wake chonchi. Lembaninso. Mubwere mudzandione ku ofesi, Lachiwiri lililonse masana."

Ndinaliwerenga m'kalasi ngati chitsanzo choti tikonzere limodzi, ndikuyembekeza kuti tiseka pang'ono. Palibe anaseka. Mtsikana wina dzina lake Arcelia, amene amakhala kutsogolo n'kumanditsutsa ngati amalipidwa, anati, "Aphunzitsi, ine sindikuonapo vuto. Agogo anga amalankhula choncho pa foni. Amabisa 'ndakusowa' pakati pa ng'ombe kuti asalire." Wilfredo, chimunthu chimene chimagona kumbuyo, chinadzuka n'kuti, "Mukanampatsako C, aphunzitsi, munthu galu wamufera." Ndinawauza kuti koleji sipereka chipepeso.

Muwawerengere Bambo pepalali. Aseka, poti iwonso nkhani zawo zonse zimayambira m'khola. Muwauzenso kuti Disembala uno sinditha kubwera, ntchito yachuluka. Zija munanena chaka chatha zoti abwere adzaone kuno, tidikire kaye. Nyumba yanga ndi yaing'ono, ndipo angasowe chochita.

Ndine mlongo wanu amene amalemba,
Otilia


Fresno
3 Okutobala 1996

Achimwene,

Kalata yanu ya pa 2 Seputembala yafika lero. Lero! Ili ndi oyilo wa lole pakona. Ndaiwerenga nditaimirira pakhomo.

Ndaimba foni ku golosale ya kumudziko kangapo, ikungolira. Chonde, achimwene, ndikugwirani mwendo. Envelopu yanga ija ikafika musaitsegule. Ngati mwaitsegula, Bambo asaione. Iotcheni, ikwirireni, ipatseni mbuzi, chitani nayo chilichonse. Pepala lija ndi lawo. Ndinachonga kalata ya Bambo, ndinaipatsa D, ndinaiwerenga pamaso pa kalasi yonse.

Anastasio wanuyo mumuuze kuti ndikadzamuona ndidzamulemba pamphumi ndi cholembera chomwechi.

Ndiyankheni msanga.
Otilia


La Noria
13 Okutobala 1996

A Pulofesa,

Moni. Makalata anu onse awiri afika, ndipo afika mwadongosolo monga mumakondera: woyatsa moto poyamba, wozimitsa moto phulusa litazizira kale. Za Anastasio musavutike. Kalata yanga anaipeza pansi pa mpando wa lole akufunafuna sipanala. Ndamutukwana kale, iye ndi loleyo.

Popeza umakonda umboni, ndikuuze zonse mmene zinayendera.

Envelopu yako inafika Loweruka. Inali ndi dzina langa, koma masiku ano m'nyumba muno wotsegula makalata ndi Bambo, akuti ndi mwayi woyeserera. Anati yankho lawo lili momwemo ndipo sangaliwerenge ngati akuba. Anadikira mpaka Lamulungu Misa itatha. Anaitana mayi Casilda, anaitana anansi, anauza Leocadia kupha nkhuku. Anavala malaya oyera aja a paukwati wanga. Tinakhala pabwalo ngati tikulandira bishopu.

Atatsegula, choyamba kutuluka chinali pepala lawo. Analizindikira nthawi yomweyo. Otilia, anamwetulira. Anauza anthu kuti, "Taonani, wandibwezera atalikongoletsa." Ndipo anayamba kuwerenga zofiirazo. Uyenera kudziwa kuti Bambo satha kuwerenga chamumtima. Amawerenga mokweza, chala chili pansi pa mawu, pang'onopang'ono, moti aliyense anamva bwino lomwe. "Mfundo yaikulu ndi iti, ng'ombe kapena galu?" Anansi anayang'anana. "Umboni uli kuti?" Mayi Casilda anaimirira n'kunena kuti, "Bambo Eleuterio, tiyeni tidye kaye, zinazo tiona bwino mawa." Iwo anati, "Khalani pansi, aphunzitsi. Si inu munati munthu asamasiye chiganizo panjira?"

Ine ndinayesa kukupulumutsa. Ndinati ku America inki yofiira amalembera anthu olemekezeka okhaokha. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Nicanor, ndinaphunzira kuwerenga kuti usamandinamizenso."

Atafika pamzere uja woti bambo weniweni salembera mwana wake chonchi, anauwerenga kawiri, akuganiza kuti mwina alakwitsa ndi iwo. Sanalakwitse. Mayi Casilda amaphunzitsa bwino. Anamaliza mpaka pansi, anapinda pepalalo, analiika m'thumba la malaya, n'kunena kuti, "Idyani, nkhuku ingazizire." Iwo anapita kukhola. Nkhukuyo tinadya ngati tikutafuna nsapato.

Kalata yako yachiwiri itafika ndinathamanga kukawafotokozera kuti zinali zangozi, kuti Hermelinda anasakaniza mapepala, kuti iwe sunadziwe kuti ndi iwo. Ndinkaganiza kuti ndawabweretsera mankhwala. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Sanadziwe kuti ndi ine? Ndiye kuti wanena zoona zake. Sanakondere."

Kusukulu asiya. Pensulo aiika pamwamba pa kabati. Pampanda saimanso, apeza kuti ng'ombe zili kuseri.

Ndakwiya nawe, Otilia, ndipo sindibisa. Za pepalazo ndikhoza kuti ndi tsoka. Koma kalata yakoyo ndinaiwerenga yonse, mpaka pamene ukuti nyumba ndi yaing'ono. Zaka zisanu ndi zinayi nyumba imeneyi ikungochepa. Hermelinda wabwerako, akuti uli ndi mpando woti ng'ombe ikhoza kugonapo n'kutambasula miyendo. Munthu amene ali mnyamata anathyola mphesa m'minda ya ku Fresno komweko, n'kumagona m'shedi ndi anzake ngati matumba a nyemba, lero sangakwane m'nyumba ya mwana wake. Ana a eni ake ukuwauza kuti asachite manyazi ndi kalankhulidwe ka makolo awo. Ndi phunziro labwino kwambiri. Tsiku lina udzalowe nawo m'kalasi imeneyo.

Mbali imeneyo ya nyumba yaing'ono sindinawawerengere. Koma envelopu anaitenga yonse, ndipo nthawi ali nayo.

Nicanor


Fresno
24 Okutobala 1996

Bambo anga,

Ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti muwerenge nokha.

Muli bwanji? Bondo liri bwanji?

Ndalakwa, Bambo. Pepani. Kalata yanu inalowa pakati pa mapepala a ana asukulu. Dzanja lanu ndinali ndisanalionepo. Zimene ndinalemba pamenepo si zoona. Ndi kachitidwe ka ntchito chabe, timalemba choncho kwa aliyense kuti alimbikire. D ija si yanu. Kalata yanu ndi yabwino kuposa zonse zimene ndalandira.

Musasiye sukulu chifukwa cha ine. Tsitsani pensulo pa kabati. Ndilembereni ngakhale mzere umodzi, ngakhale wonditukwana. Ndiuzeni za ng'ombe yakuda, yabereka yaimuna kapena yaikazi? Ndikufuna kudziwa zonse.

Ndikuchita manyazi kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Otilia


La Noria
10 Novembala 1996

Otilia,

Moni. Tilipo. Kalata yako Bambo aiwerenga okha, mokweza monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno sanaitane anansi ndipo nkhuku zonse zili moyo. Atamaliza anati, "Zilembo zabwino." Ndinadikira kuti apitirize. Anafunsa ngati ndakonza chitseko cha khola.

Madzulo ake ndi pamene anawonjezera pang'ono. Akuti, "Poyamba anati D. Lero wadziwa kuti ndine, akuti yabwino kuposa zonse. Uku ndiye kukondera kuja amakukana." Waona, mlongo wanga, wophunzira wako watsopanoyu amamvetsera kuposa Wilfredo.

Yankho palibe. Ndawafunsa ngati akufuna ndikulembere m'malo mwawo ngati kale, akuti ayi. Ng'ombe yabereka yaikazi, poti ukufuna kudziwa zonse.

Koma pali zina zimene zikutisowetsa mtendere. Sabata yatha anapita ku Jerez, anametetsa, anakajambulitsa chithunzi atavala jekete. Bambo, amene paukwati wanga anabisala kuseri kwa galimoto kuthawa wojambula! Kenako akwera basi kupita ku Guadalajara ndi Hermelinda, agona konko, abwerako osanena kanthu. Hermelinda ndamufunsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire pakamwa pake patsekeka. Ukudziwa chimene anthu a msinkhu wawo amakafuna ku Guadalajara: chipatala chachikulu. Leocadia akuti chithunzicho ndi choti tidzaike pabokosi la maliro, ndipo akulira kukhitchini uku akuphika.

Dzulo andionetsa mmene ndizimwetsera thole lija, ngati kuti ine ndinakulira m'tauni. Akuti, "Ndikachoka usadzalisiye ndi njala." Ndinafunsa kuti mukupita kuti. Akuti, "Iwe samala thole."

Sindikunena kuti wawadwalitsa ndiwe. Ndilibe umboni.

Nicanor


Fresno
20 Novembala 1996

Achimwene,

Moni. Kalata yanu yandipeza ndipo yandimaliza. Munatha kundibaya ngakhale pamzere womaliza, ndikuyamikani, mukanakhala m'kalasi mwanga mukanakhoza bwino kutseka.

Apanikizeni Hermelinda. Mugulireni chilichonse, mufunseni za anthu akufa, ayamba yekha kulankhula. Ngati ndi matenda ndiuzeni zoona, musandisungire.

Kuno ndasanduka choseketsa. Cholembera chofiira chija ndinachiponya m'kabati, ndikuchonga ndi pensulo. Ana anazindikira tsiku lomwelo. Wilfredo anakweza pepala lake n'kuti, "Aphunzitsi, mwadwala? Langa labwera lopanda magazi." Ndinaona kuti kubisa sikuthandiza, poti kalatayo anaimva ndi makutu awo. Ndinawauza kuti pepala lopanda mwini lija mwini wake wapezeka, ndi bambo anga, ndipo inali kalata yawo yoyamba.

Ndinkayembekeza kuti Arcelia anena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anangoyang'ana pansi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye mwapepesa?" Ndinati inde, ndinalemba kalata. Wilfredo kumbuyo kuja anati, "Munaikamo umboni, aphunzitsi? Paja kubwereza si umboni." Anaseka onse, inenso ndinaseka, kenako ndinawauza kuti atsegule tsamba la zizindikiro za m'kalembedwe, ine n'kutuluka kukatsuka kumaso.

Chodabwitsa n'choti sabata imeneyo analemba bwino kuposa kale lonse. Ndinawapatsa mutu woti afotokoze chinthu chimodzi chimene kholo lawo silitha kunena poyera, apereke umboni. Arcelia analemba masamba anayi za agogo ake ndi ng'ombe zawo, ali ndi mfundo, ali ndi umboni, atatseka bwinobwino. Zizindikiro ndiye zikadali zomvetsa chisoni, ndipo ndinamuuza, chifukwa ntchito yanga ndi imeneyo ndipo ku mayeso kulibe agogo. Koma ndinamuuza atakhala pafupi nane, osati pambali pa pepala.

Zija za nyumba yaing'ono, simunaname. Ndinkaopa kuti adzafika ndi chipewa chawo pakati pa anzanga a kuntchito, adzayamba za ng'ombe, ine n'kumamwetulira ngati munthu woponda minga. Ndalemba, muwerenge, musangalale.

Sukulu titseka pakati pa Disembala. Ndikufuna kubwera. Koma ndiuzeni kaye, achimwene: ndikafika adzandilandira, kapena adzandiuza kuti zilembo zabwino n'kupita kukhola? Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti mwina kalata ija inali yoyamba komanso yomaliza.

Otilia


La Noria
24 Novembala 1996

Aphunzitsi,

Moni. Ine ndili bwino. Sindikudwala. Ng'ombe sinditchula.

Munati ndilembenso. Ndalembanso. Ndachedwa chifukwa yaitali. Ndinkalembera kukhola kuti Nicanor asaone. Pensulo ya pa kabati ndi yakale, ndinagula ina. Mayi Casilda andiuza za mfundo ndi umboni ndi kutseka. Koma pensulo sanaigwire.

Mfundo yaikulu. Si ng'ombe. Si galu. Ndakusowa.

Umboni woyamba. Ndinakhala pa benchi la ana. Ana ankasuzumira pawindo n'kumaseka. Bondo linkawawa. Sindinaphunzire kuti ndilembere boma. Ndinaphunzira kuti ndilembere iwe.

Umboni wachiwiri. Galu amene anafa ndi uja unamusiya ali kamwana. Ankagona pakhomo la chipinda chako mpaka anakalamba. Ndinamukwirira ndekha pansi pa mpichesi. Ndinkafuna kulemba zonsezi koma zilembo zinali zisanandikwane. Ndiye ndinangoti galu anafa.

Umboni wachitatu. Pepala lofiira lija sindinataye. Liri m'thumba la malaya. Linawawa, sindinama. Linawawa kuposa bondo. Koma ndi koyamba kuwerenga ndekha dzanja lako popanda Nicanor pakati. Dzanja langa ndi dzanja lako zili papepala limodzi. Ndimaliyang'ana.

D musasinthe. Ndinaipeza ndekha.

Munati bambo weniweni salemba chonchi. Sindikudziwa mmene amalembera. Bambo anga sankalemba. Mukandionetsa.

Kutseka. Pansi pa pepala munalemba kuti mubwere mudzandione ku ofesi Lachiwiri masana. Nicanor akuti munkalembera munthu wina. Koma pepala ndi langa ndipo ndinawerenga ndekha. Zaka zisanu ndi zinayi, aka ndi koyamba kundiitana.

Chiphaso choolokera malire ndatenga ku Guadalajara. Chithunzi chinali cha chimenecho. Leocadia ndimuuza mawa kuti asiye kulira mu nyemba. Ndikwera basi. Ndifika Lachiwiri pa 10 Disembala masana. Musatume munthu, njira ya ku Fresno ndimaidziwa, ndinaiyenda iwe usanabadwe. Chipewa ndibwera nacho.

Nyumba ikakhala yaing'ono ndigona ku ofesi.

Ndakusowa. Ndikudziwa kuti ndanena kale.

Ndine bambo ako.